Masiku Twente-seveni Osatafuna

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzalowa nayo m'manda. Koma popeza mkazi wanga anaifalitsa kale paliponse, kuyambira kutchalitchi mpaka kuchigayo, kuli bwino muimve kwa mwini wakene, mwina ndingapulumutseko kaulemu kamene kanatsala. Ngati mukufuna kuseka, sekani. Ine manyazi ake ndinamaliza kale.

Zinachitika m'zaka za m'ma sevente, ndili kalaliki pa sikimu ya mpunga ku Hara. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo pamene boma linkanditumiza kumpoto ndinali wowonda ngati bango. Ntchito yanga inali yokhala pansi: tebulo pafupi ndi sikelo, buku lalikulu, ndi cholembera. Mlimi akabwera ndi matumba ake, mnzanga Mwangonde ankawakweza pa sikelo n'kutchula kulemera kwake, ine n'kulemba. Basi.

Vuto ndi lakuti anthu a ku Hara safuna kuona mlendo ali ndi khosi lowonda. Uyu abwera ndi mbalagha, nthochi zija amaziphika pamodzi ndi nyama mpaka zonse kugwirizana ngati banja limodzi. Uyo abwera ndi botolo la chambiko, mkaka wowawasa wa ng'ombe zake. Wina nsomba za batala zochokera ku Chilumba, zonona mpaka mafuta kutsikira m'chigongono. Pamwamba pa zonsezi panali mpunga weniweniwo, umene ukamapsa nyumba yachisanu uko, fungo lake limakupeza mu ofesi n'kukugwira pa kolala.

Ine sindinaleredwe mwamwano. Sindinkakana.

Patatha zaka zisanu, mabatani a malaya anga anayamba kuthawa okha. Tsiku lina masana, anthu atabalalika, ndinakwera pa sikelo ya mpunga mwakachetechete kuti ndidzione. Mwangonde anatulukira kuseri kwa matumba, anayang'ana muvi wa sikelo, n'kundiuza mwaulemu wonse kuti ndikanakhala mpunga, mlimi wanga akanapatsidwa mphoto ya njinga.

Kenako mchombo unayamba kutuluka. Poyamba kanali kanthu kakang'ono ngati nthudza, pambuyo pake kanafika ngati dzira la nkhanga, ndipo ndikatsokomola kapena kuwerama kankandibaya. Mkazi wanga Nangozo anandiumiriza masabata atatu mpaka ndinakwera basi kupita kuchipatala kuboma.

Masiku amenewo kunkabwera dokotala wina wachizungu, wamtali ngati mlongoti, amene ankachita maopaleshoni kamodzi pamwezi. Chizungu chake chinkatulukira m'mphuno, komanso mothamanga ngati munthu woti basi ikumusiya. Pambali pake pankaima a Gondwe, medikolo asisitanti wachikulire amene ankamasulirira odwala. Ine nditalowa ndinawakwezera dzanja a Gondwe kuti apume. Ndinali ndi JC yanga, ndipo makalata a boma ndinkawawerenga tsiku ndi tsiku popanda wondigwira dzanja.

Dokotala anandigoneka, anadinadina pamimba, anandiuza kuti nditsokomole. Analankhula zambiri zimene zinandidutsa pamwamba ngati mbalame, ine ndikungovomera kuti yes doctor, yes doctor. Koma pomaliza anamenya mimba yanga pang'ono ndi chikhatho, n'kunena mawu amene ndinawagwira bwinobwino.

"We shall reduce it. Small operation."

Mawu akuti reduce ndinawaphunzira ndili sitandade sikisi: kuchepetsa. Ndipo kuofesi kwathu kunali magazini ina yakale, yopanda chikuto, imene inabwera itakulunga zitsulo za pampu. M'menemo ndinawerengamo kuti ku Amereka madokotala amatha kumugoneka munthu wonenepa n'kumuchepetsa mimba, iye n'kudzuka ali ngati wa zaka makumi awiri. Ndiye pamene mzungu uja anamenya mimba yanga n'kunena kuti reduce, ndinadziwa kuti Amereka wafika ku Karonga, ndipo woyamba kumulandira ndine.

Analemba kapepala. Pamwamba panali tsiku la opaleshoni, kumapeto kwa mwezi wotsatira. Pansi pake analemba kuti Fluids only 2/7 before op.

A Gondwe ananditsatira mpaka pakhomo, n'kundifunsa m'chilankhulo cha kumpoto ngati ndamva bwino.

"Mwapulika makora, dada? Bwerani nako kapepalako ndikumasulireni."

Ndinawathokoza, n'kuwauza kuti mphamvu zawo asungire anthu akumudzi. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, n'kunena kuti yewo, n'kuitana wodwala wina.

M'basi ndinafunyulula kapepala kaja. Fluids only, zamadzimadzi zokha, apo panalibe chovuta. Pakati pa 2 ndi 7 panali kamzere kopendekera, koma aliyense amadziwa kuti madokotala amalemba ngati nkhuku ikupalasa. Ndinaona kuti cholembera chinangoterereka. Twente-seveni. Masiku twente-seveni osatafuna kanthu. Zinandimvekera zanzeru kwambiri, chifukwa mimba imene yamangidwa zaka zisanu singagwetsedwe isanayambe yafewetsedwa.

Ndinatsamira pawindo, minda ndi ng'ombe zikudutsa, n'kuyamba kulota ndili maso. Ndinadziona ndikutsika basi ku Ntcheu pa Khirisimasi, nditavala suti yanga ya ukwati imene inali itagona m'sutikesi zaka zinayi, azilamu anga akufunsana kuti kodi bwana wowongoka ameneyu ndi wa kwa yani. Ndinadziona ndikumanga zingwe za nsapato popanda kupumira pakati. Ndinadziona ndikuonananso ndi zala zanga za kumapazi nditaimirira, titasiyana zaka zambiri.

Nangozo sanapite patali ndi sukulu, koma mutu wake umagwira. Nditamufotokozera, anaika lichero pansi.

"Masiku twente-seveni, bambo a Tereza? Ngakhale nkhuku yofungatira imatsika kudzajompha, chonsecho ake ndi twente-wanu."

Ndinamuuza kuti nkhuku sichitidwa opaleshoni. Anati bwanji tipite nako kapepalako kwa nesi wa ku Chilumba akationere. Ndinamufunsa ngati akufuna kuti sikimu yonse imve kuti kalaliki wa boma walephera kuwerenga manambala awiri. Anatola lichero lake n'kupitiriza kupeta.

Mwangonde nayenso ndinamuonetsa. Anakatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti kwa iye zikuoneka ngati mitengo ya m'masitolo akale, mashiling'i awiri ndi mapeni seveni. Tinaseka tonse. Ine ndinaseka kwambiri, pomumvera chisoni.

Ndinawerenga masiku pa kalendala mobwerera m'mbuyo, n'kuika mtanda pa tsiku loyambira. Lamulo ndinakhazikitsa ndekha: chilichonse cholowa m'kamwa mwanga chiyambe chadutsa pa sefa ya tiyi. M'mawa tiyi. Masana thobwa, limene kumeneko amati chindongwa, losefa mpaka kuoneka ngati madzi otsukira mbale. Madzulo msuzi wa nsomba, nsombayo itachotsedwa n'kupatsidwa ana ine ndikuona. Chambiko ndinkachisungunula ndi madzi mpaka ng'ombe yake ikanachikana.

Sabata yoyamba inali ya ukali. Mutu unkawawa, m'mimba munkalira ngati achule a m'ngalande, ndipo ndinakalipira mlimi wina chifukwa ankatafuna chinangwa ali pamzere. Ndinamuuza kuti pamalo a boma sadyerapo. Lamulo limenelo kunalibe.

Koma sabata yachiwiri ukali unatha, n'kubwera chinthu china chimene mpaka lero ndikachikumbuka ndimamwetulira. Thupi linapepuka. Ndikamayenda pa kanjira ka pakati pa minda m'mawa, ndinkamva ngati mapazi sakufika pansi. Madzi a m'ngalande ankayenda pang'onopang'ono ngati akuganiza zinazake. Mawu a anthu ankandifika mochedwa, ngati akuchokera tsidya lina la mtsinje. Ndinkakhala pa tebulo langa n'kumayang'ana mapiri akumadzulo, mitambo itakhala pamwamba pake yoyera, yofufuma, ndipo ndinkaiona bwinobwino kuti ndi mpunga wopakulidwa kumene, ukungodikira munthu wobwera ndi msuzi. Akakowa oyera aja otsatira ng'ombe ankadutsa pamaso panga ali okazingakazinga kale, akuuluka ndi anyezi wawo.

Mwangonde, munthu wachifundo, anayamba kukadyera kuseri kwa matumba kuti ndisamuone. Koma ine ndinkamva chivundikiro cha mbale yake chikutseguka, ndipo ndinkamuitana kuti asabise, angondifotokozera. Iye ali kuseriko, ine ndili pa tebulo maso nditatseka, ankandiuza kuti lero ndi nyemba zothira tomato, zapsa mpaka kuphwanyika zokha. Ndinkamufunsa ngati mchere wakwana. Akati wachepa pang'ono, ndinkakhumudwa ngati ndikudya ndine. Tsiku lina anabwera ndi chinangwa chophika chokha, koma pondimvera chisoni anandifotokozera nkhuku. Ndinamuthokoza kwambiri chifukwa cha nkhukuyo.

Ntchito ndiyo inavutika. Amayi a kumeneko mayina awo amayamba ndi Nya, monga Nyamsiska kapena Nyamhango. Cholembera changa chikangoyamba Nya, chinkamaliza chokha. Mwangonde atasuzumira m'buku tsiku lina anapeza kuti matumba sikisi abwera ndi Nyama, matumba anayi abwera ndi Nyama, ndipo mayi wina wachikulire, mkulu wa mpingo, ndinamulemba kuti Nyama Yambuzi. Anatenga bukulo n'kukonza yekha.

Pa tsiku la khumi ndi chiwiri kunali chionetsero cha alimi. Kunabwera alendo ochokera kuboma, komanso a tcheyamani a chipani a dera lathu, bambo wa ku Chilumba wa mimba yoposa yanga, amene akamabwera anthu ankayamba kupatuka iwo akadali patali. Zolankhula ndi magule zitatha, tinakhala pansi pa msasa kuti tidye. Amayi anaphika mpunga wa m'munda wachitsanzo, ndi mbuzi ziwiri. Ine, monga kalaliki, anandikhazika moyang'anizana ndi a tcheyamani.

Mbale itafika kwa ine ndinaikankhira patsogolo, n'kutulutsa botolo langa la thobwa losefa.

A tcheyamani anasiya kutafuna.

"A kalaliki, mpunga uwu ndi chitukuko. Inu mukukana chitukuko?"

Anthu onse pamsasa anatembenukira kwa ine. Amene analipo masiku amenewo akudziwa kuti funso ngati limenelo silinali loseketsa, chifukwa munthu ankatha kusowa pantchito pa nkhani yaing'ono kuposa mbale ya mpunga. Anandifunsa mpingo umene ndimapemphera. Anandifunsa ngati khadi ya chipani ndili nayo. Ndinaitulutsa msangamsanga, ndipo pamodzi ndi khadiyo ndinatulutsa kapepala ka dokotala. Ndinafotokoza zonse: za mzungu, za Amereka, za masiku twente-seveni.

A tcheyamani anatenga kapepalako, anakaika patali ndi maso, anakabweretsa pafupi, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wawerenga n'kuvomereza. Kenako anaimirira, fupa lili m'manja, n'kuuza khamu lonse kuti lione mmene dziko lapitira patsogolo. Anati kale anthu ankagona ndi njala, koma lero akukhuta mpaka boma likuchita kuitanitsa madokotala odzachepetsa mimba. Anandiimiritsa kuti anthu andione komaliza ndili chonchi. Amayi anaimba nthungululu. Wina anayambitsa nyimbo.

Ndinaima pamenepo, dziko likuzungulira pang'onopang'ono, ndipo sindiname, ndinamva kukoma. Ndinafika pokweza dzanja.

Anthu akubalalika, a tcheyamani anandikokera kuseri kwa nyumba yosungiramo matumba. Mawu awo anali atatsika. Anandifunsa ngati zimapweteka, ndiponso ngati mzunguyo amalandira aliyense. Anati ndikabwerako ndikawaonetse, chifukwa pali m'bale wawo wina amene ali ndi vuto lomweli. Potchula m'bale wawoyo ankasisita mimba yawo.

Kuyambira tsiku limenelo njira yobwerera inatsekeka. Hara yense ankawerenga nane masiku. Alimi akafika pa sikelo, asanatsitse n'komwe matumba, ankayamba kufunsa kuti kwatsala angati, dada.

Sabata yachitatu buluku linayamba kutsika lokha. Lamba ndinamuboola mabowo atsopano awiri, kenako lachitatu. Ndikaimirira msanga, kunkayamba kwada kaye, kenako kunkabwera tinyenyezi. Tsiku lina ndinapeza kanjere kamodzi ka mpunga pa tebulo, kosapuntha n'komwe. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Ndinakaika pa lilime n'kumangokasunga pamenepo ngati switi, ndikuganiza za mayi anga, za mvula yoyamba ya kwathu, za zinthu zonse zabwino za padziko. Kenako chikumbumtima chinandigwira, ndinakalavulira pawindo.

Sabata yomweyo nesi uja wa ku Chilumba anabwera ku Hara kudzayeza ana. Nangozo, ndi nzeru zake, anamuitanira kunyumba kuti adzamwe madzi. Nesiyo atandiona anaima pakhomo, n'kufunsa ngati ndikudwala. Ndinati ndili m'manja mwa dokotala. Anapempha kuti aone chimene dokotalayo analemba. Kapepalako kanali m'thumba la malaya, pamtima penipeni, koma ndinamuuza kuti ndakakiyira mu ofesi ndipo makiyi ali ndi Mwangonde. Lero ndikhoza kuvomera kuti penapake m'kati mwanga kamzere kaja kanali katayamba kundiyang'ana. Koma munthu amene amuimbira nthungululu pamaso pa a tcheyamani safunsanso mafunso.

Nangozo anasiya kuseka. Ankaphikira kwa aneba kuti fungo lisandipeze, ndipo iye ndi ana ankadyera kuseri kwa khitchini ngati akuba. Lamulungu lina titachoka kutchalitchi, kumene nyimbo zonse ndinaimba nditakhala pansi, anandigwira dzanja n'kuliyang'ana. Mphete inali itayamba kuvuka yokha.

"Bambo a Tereza, ine mimba yanuyi sindinaidandaulepo kwa ankhoswe. Mukagwa kuno, kutali ndi kwathu, ana awa ndidzawauza kuti bambo awo anafa ndi chiyani? Ndi kapepala?"

Misozi inali m'maso mwake. Ndinamva chisoni, koma ndinamuuza kuti kwatsala masiku sikisi okha, ndipo sayansi imafuna kupirira. Anapukuta m'maso n'kunena kuti kuchipatala tipitira limodzi, kuti pakhale munthu wonyamula zotsala.

Tsiku litakwana tinakwera basi ya m'mawa. Za ulendowo ndikukumbuka zochepa: mphepo yofunda, mayi wina pampando wakutsogolo akusenda nthochi pang'onopang'ono ngati akundichitira dala, ndi suti yanga ya ukwati imene ndinaipinda m'chikwama kuti ndidzavale pobwerera. Titafika tinakhala pa benchi pakhonde la chipatala. Dzina langa litaitanidwa ndinaimirira mwamphamvu ngati msilikali. Tinyenyezi tija tinabwera, koma ulendo uno sitinachoke.

Ndinatsitsimuka ndili pabedi. Pamwamba panali denga loyera, pambali nsalu yoyera, m'mphuno fungo la mankhwala, pamkono diripi. Zonse zinali phee, zofewa, ngati m'mawa wa tsiku la tchuthi. Pang'onopang'ono ndinatsitsa dzanja pansi pa chofunda n'kugwira pamimba.

Phiri lija kunalibe.

Ululunso panalibe ngakhale pang'ono, ndipo ndinagoma ndi luso la azungu. Dokotala uja anali ataima kumapazi kwa bedi, a Gondwe pambali pake, Nangozo pampando atakumbatira chikwama. Ndinatambasula dzanja.

"Thank you very much, doctor. Very successful."

Dokotala anayang'ana a Gondwe. A Gondwe anayang'ana Nangozo. Nangozo anayang'ana pansi.

A Gondwe ndi amene anandiuza, m'Chichewa chawo chokoka cha kumpoto, kuti palibe amene wandikhudza ndi mpeni. Ndinangokomoka pakhonde, n'kunyamulidwa ndi anthu awiri pamene mwezi watha pakanafunika anayi. Dokotala anali atakana kuti ndine yemwe uja mpaka ataona mchombo. Tsopano ankafuna kudziwa chimene chandidya chonchi, kaya ndi kutsegula m'mimba, kaya chifuwa chachikulu.

Ndinayankha monyadira kuti sindikudwala, ndangotsatira malangizo. Ndinauza Nangozo kuti atulutse kapepala m'thumba la malaya.

A Gondwe anavala magalasi, anawerenga, n'kundifunsa kuti ndakhala masiku angati pa zamadzimadzi. Nditawauza, anavula magalasi aja.

"Dada, seveni uyu ndi masiku a pa sabata. Thu uyu ndiye masiku anu. Awiri mwa seveni. Masiku awiri."

Ndinati koma pamenepo pali kamzere chabe. Anati inde, kamzereko ndiye nkhani yonse.

Anamasulira kwa dokotala. Mzungu uja anabwereza nambala yanga kawiri, kenako anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Nesi amene ankakonza diripi anatuluka mothamanga, ndipo patangopita kanthawi ndinamva kuseka kukuyenda m'khonde, wodi ndi wodi, ngati moto wa m'tchire.

Ndinayesa kupulumutsa chotsala. Ndinafunsa kuti chabwino, nanga mimba yotsalayi adzaichepetsa liti. Apa a Gondwe anakhala m'mphepete mwa bedi ngati munthu wodzanena uthenga wa maliro. Anandifotokozera kuti reduce wa kuchipatala si wa kusukulu. Kathumbo kanga kanali katatulukira pa mchombo, ndipo ntchito ya dokotala inali kukabwezera m'kati n'kusoka pobowokapo. Za mimba yonseyo dokotala analibe nazo ntchito. Imeneyo, anatero, ndi nkhani ya mwini wake ndi mbale yake.

Opaleshoni nayonso inalephereka. Dokotala anati munthu wofooka chonchi sangamugoneke tulo ta mankhwala, angapitirire. Analemba kapepala kena n'kundipatsa: Eat well 4/52.

Ndinakayang'ana, mutu wayamba kale kuwerengetsera. Nangozo anadzutsa mutu.

"Funsani, bambo a Tereza. Mungatidyere masiku foro handiredi fifite-thu."

Ndinafunsa. Anali masabata anayi.

Anandisunga masiku awiri, n'kundiyambitsa ndi phala. M'mawa wa tsiku lotuluka Nangozo anandigulira nthochi imodzi yakupsa pageti. Ndinaidya nditakhala pamwala, maso nditatsinzina, nsagwada zikukumbukira ntchito yawo pang'onopang'ono. Sindinadyepo chinthu chokoma ngati nthochi imeneyo. Suti ndinavala ndithu, chifukwa buluku linalo silinkakhalanso m'chiuno.

M'basi tinagwirizana kuti tikafika tikalowe m'nyumba mwakachetechete, nkhaniyi tiziitulutsa pang'onopang'ono ngati mchere wobwereka. Koma titangotsika pa siteji, tinapeza a tcheyamani ali pakhonde la sitolo ndi anthu asanu kapena sikisi. Anali asanandionenso chichokereni pa chionetsero chija. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kukamwa kuli yasa.

"A kalaliki! Ndinu amene? Mzungu uja ndi katswiri."

Nangozo anayamba kuyang'ana mitambo. Ine ndinati zikomo.

Anandizungulira kawiri, akuitana anzawo kuti adzaone chitukuko ndi maso awo. Kenako anati ndiwaonetse pamene anang'amba. Ndinati dokotala analetsa kuti pasalowe mphepo. Anati pang'ono pokha, mphepo lero kulibe. A tcheyamani sankakanizidwa kawiri. Ndinamasula mabatani.

Chipsera panalibe, ulusi panalibe. Panali mchombo wokha uja, umene tsopano, phiri lake litachoka, unaima poyera wokhawokha ngati mfundo ya chingwe.

A tcheyamani anawerama, anauyang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu mogoma.

"Ndaona. Mafuta onse anatulutsira apa, kenako n'kumanga pakamwa ngati thumba la mpunga."

Ndinayang'ana anthu aja, ndinayang'ana mkazi wanga amene anali ataluma nsonga ya chitenje, ndipo ndinayankha ndi mawu a kalaliki wa boma.

"Ndi momwemo, bwana."

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Iyeyo anali ndi mwayi, chifukwa ine safunsa wa ku Hara sindinadye ngakhale phulalo.